Nyenje ya a Coralie Ili pa Chipewa Changa

Aphungu,

Ndine bambo wamasiye, ndinapuma pa ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu, ndipo vuto langa kukula kwake ndi ngati chala chachikulu chakudzanja. Musaseke.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwedza ndi nyongolotsi. Chaka chatha ana anga anandikankhira ku kalabu ya awedzi kuno ku Kempsey, ati ndisamangocheza ndi galu. Kumeneko nyongolotsi saziwerengera. Amamanga okha nyambo pambedza, ndi ulusi, ubweya ndi labala wopepuka uja wa patapata, n'kumaziponya pamwamba pa madzi kuti bass, nsomba ya mumtsinje wathu wa Macleay, izidumphira.

Katswiri wa tonse ndi a Coralie, mayi amene anali namwino. Manja awo anazolowera kusoka anthu, ndiye kaulusi ka pambedza sikawavuta. Mwezi watha, nyenje zitayamba kusokosa m'mitengo, anandiika kanthu m'dzanja tikumwa tiyi. Inali nyenje yomanga okha. Thupi analidula ku patapata wawo wakuda woduka lamba, miyendo ya timalabala, mapiko a ubweya wa gwape. Pamsana anamatapo kachigamba kowala ka mtundu wa lalanje, kakakulu kuposa ka pa nyambo ya wina aliyense m'kalabumo. "Iyi ndi yanu, a Merv," anatero. "Mudzandiuze."

Aphungu, chimwalirireni mkazi wanga palibe amene anandipangirapo kanthu ndi manja ake. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, mpaka galu kundiyang'ana ngati mlendo.

Tsono bass imabisala pansi pa nthambi zolendewera ndi mitengo yogwera m'madzi, pomwe ine kuponya ndine mbuli yotheratu. Mitengo ya m'mbali mwa Macleay yavala nyambo zanga ngati ya Khirisimasi. Ndiye ya a Coralie ndikaisiye kumeneko? Komanso kachigamba kokongola kaja kanandionetsa kuti imeneyi ndi yoti anthu aziona, osati yoti nsomba itafune. Ndinaikola pachipewa changa, kutsogolo kwenikweni, ndipo ndimapita nayo ngakhale kogula buledi.

Sabata yatha a Coralie anaiyang'ana pachipewapo n'kufunsa, "Kodi chipewachi chagwira zingati, a Merv?" Kalabu yonse inafa nacho chiseko. Mnzanga Dougie, amene pakamwa pake sipatsekeka, anati, "Musiyeni mdalayu, mayi, akudikira nsomba youluka. Ndipatseni ine, ndikainyowetsa lero lomwe." A Coralie sanaseke nawo. Anangoti, "Loweruka la pambuyo pa Khirisimasi ndikupita kumtsinje. Bwato langa ndi la anthu awiri, ndipo ndimanyamula awedzi, osati zokongoletsa." Dougie wameta kale ndevu, kukonzekera mpando wachiwiriwo.

Nditani? Ndikaiponya ndiitaya, ndikaisunga nditaya mwini wake. Kapena ndigule yofanana nayo kusitolo, yeniyeniyo ndiibise m'thumba?

M.T., Kempsey

*

A M.T.,

Mwati ndisaseke. Ndayesetsa, zakanika. Koma ndikuseka mokondwa, chifukwa anthu ambiri amandilembera kuti palibe wowafuna, pomwe inu mukudandaula kuti wokufunani wakufunani molongosoka kwambiri.

Tiyambe ndi kasayansi pang'ono. Nsomba ili pansi, nyambo ili pamwamba. Nsomba imaona mimba yakudayo ndi miyendo basi, ndipo chiyambire dziko palibe bass imene inakwerapo mumtengo kukaona msana wa nyenje. Kachigamba kowalako si ka nsomba, si ka anthu a kogula buledi. Ndi ka mwedzi, kuti aione nyambo yake ili patali mumthunzi wa nthambi, momwe chinthu chakuda chimangosowa. Ngati kanu anakakulitsa kuposa ka ena onse, ndiye kuti mayiwo anakuonani mukutsinzinira pomanga mfundo. Sanakunyozeni, sanakuuzeni kuti mukagule magalasi. Anapita kwawo, anakhala pansi, n'kumangira maso anu nyambo yawoyawo. Inu n'kuiika pamphumi, malo amodzi okha padziko lonse pomwe mwini wake sangaione.

Zogula ina kusitolo iwalani. Munthu amene anadula patapata wake yemwe amamudziwa ngakhale ali kutsidya la mtsinje, ndipo mfundo zake amazizindikira ngati siginecha. Mukagwidwa, mudzakhala mwasanduka kuchoka pa mdala wamanyazi, amene amakhululukidwa, kukhala mdala wachinyengo, amene amapalasa bwato yekha.

Chitani izi. Lero lomwe aimbireni foni a Coralie munene kuti mpando wachiwiri uja ndi wanu. Musayambe ndi za nyengo, musafunse za umoyo wa abale awo onse. Mukatero ikani ndowa pansi pa mtengo wa nthambi zolendewera kunyumba kwanu, mangani kaubweya kunsonga kwa chingwe m'malo mwa mbedza, muziponya m'mawa uliwonse, motsitsa ndodo yowedzera cham'mbali kuti chingwe chilowe kunsi kwa nthambi. Galu mumutsekere m'nyumba, waona zokwanira.

Pamtsinjepo, nyenje igwe thapu, ngati yeniyeni yoterereka panthambi. Ndiye dikirani. Timafunde tithe kaye, kenako igwedezeni pang'ono chabe, ngati kachilombo kamene kakuganiza zopepesa. Madzi akaphulika musakoke ndi mantha. Yambani mwamva kulemera kwa nsomba m'dzanja. Amuna ambiri nyambo amailanda m'kamwa mwa nsomba chifukwa cha phuma.

Kodi mukhoza kuitaya? Kwambiri. Mwina mtengo uilanda, mwina nsomba yaikulu idula chingwe n'kupita nayo pansi pa chitsa. Womanga nyambo aliyense amadziwa zimenezi asanadule n'komwe ulusi, ndipo palibe chimene chimamusangalatsa kuposa kuona ntchito yake ikubwera yong'ambika, mwendo umodzi kulibe. Ikatayika musalire maliro m'bwato. Sekani, muwatembenukire munene kuti, "A Coralie, mundiphunzitse kumanga ina." Phunziro limenelo limafuna tebulo limodzi, mipando iwiri yoyandikana ndi masana ambirimbiri. Pa maphunziro onse amene ndinaonapo, ili lokha ndi limene ndingakulangizeni kuti mukhale wosamva msanga.

Za Dougie musataye nazo tulo. Mayi amene amafuna kutenga Dougie akanamuuza Dougie. Sakanalengeza za mpando wopanda munthu maso ali pa chipewa chanu. Ndevu zake zimeranso.

Chenjezo langa: finyani kamnga ka kunsonga kwa mbedza ndi pulayazi musanakwere, ndipo muziyang'ana kumbuyo musanaponye, chifukwa bwato la anthu awiri ndi lalifupi ndipo makutu a mnzanu ali pafupi. Nsomba ikagwira musaimirire kuti muvine. Koma chachikulu, pobwerera akakufunsani ngati muli ndi zochita Loweruka linalo, musayankhe kuti mukaganize kaye. Nyenje sizilira chaka chonse, a Merv, ndipo zikangoti zii, nsomba zimasiya kuyang'ana kumwamba.

Aphungu