Mfuti Yanu Yasiya Kuphonya

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yayamba kukumverani. Kuno tilipo, mayi a ana akupereka moni.

Nkhani ndi ya mfuti munandisiyira posamuka ija. Nguluwe zinatilowera m'munda wa mbatata, ndipo ndinaphonya kawiri nguluwe itaima poyera, pafupi penipeni. Sindinauze munthu, koma mumtima ndinaopa kuti maso anga ayamba kufooka. Mukudziwa mmene amayi, mlongo wanu, anayambira kuvutika ndi maso.

Lachiwiri ndinapita nayo kwa mmisiri wa mfuti. Anaipana pathebulo, n'kusuzumira mumpope, kenako anaseka. "Bambo, mfutiyi inasamba liti?" Mkati munali mwaye wokhawokha, komanso sikuluwu yogwira mpope ku thabwa inali itakhwefuka. Anaitsuka ndi kandodo ndi mafuta, anamanga bwino, ndipo anandiletsa kusakaniza zipolopolo za mitundu yosiyana.

Kuseri kwa shopu yake anakhoma pepala pamulu wa matumba a mchenga. Ndinawombera katatu. Mabowo onse atatu ndinawaphimba ndi chikhatho chimodzi. Ndinangokhala pansi pomwepo, mpaka mmisiri uja anafunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, ndachira.

Loweruka ndinagwetsa nguluwe yaikulu ndi chipolopolo chimodzi, ndipo zinzake sizinabwerenso. Mbatata tikumba chaka chino.

Kuchipatala ndinapitabe. Adokotala anayang'ana diso lamanzere nthawi yaitali, n'kunena kuti ndibwerenso mwezi wamawa. Mwina amatero ndi aliyense. Mukamalankhula ndi amayi, muwauze za nguluwe zokha.

Ndine mwana wa mlongo wanu.