Denga Langa Silinalowe pa Pepala

Cwm Helyg
9 Okutobala 1786

Okondedwa achemwali a Lowri,

Imirirani powerenga, chifukwa wolembayu si Gruffudd woweta atsekwe amene munamusiya uja. Tsopano ndine munthu wojambulidwa, ndipo nkhope yanga ili pakhoma m'chipinda chodyera cha Bwana Pugh, pafupi ndi chithunzi cha hatchi yawo.

Komatu zinthu sizili bwino kuno, achemwali.

Mwezi watha kunabwera mmisiri wojambula, a Tudur. Bwana anawaitana kuti ajambule chinyumba chawo ndi munda wonse pogwiritsa ntchito utoto wosungunula m'madzi, kuti alendo azisirira. Ankakhala pachitunda pafupi ndi kwathu, ine n'kumawatungira madzi otsukira maburashi. Tsiku lina ndinasuzumira papepalapo. Chinyumba chilipo, mitengo ilipo, ng'ombe zonenepa kuposa zenizeni. Koma pamene pali kanyumba kathu, momwe tinabadwira muja, panali msipu wokhawokha.

Ndinati, "Bambo, kodi utoto watha?"

Iwo anati, "Ayi, madala. Bwana akuti ndijambule mmene padzaonekere chaka chamawa."

Paja a Siôn osula zitsulo anawagwetsera nyumba chifukwa inkatchinga mtsinje adona, akazi a Bwana, akayang'ana pawindo, ndipo anakafera m'khola la eni ake.

Ndinawagwira mwendo a Tudur, n'kuwapatsa tsekwe wanga wonona kwambiri. Anandimvera chisoni, n'kuyesa kujambula kanyumba kathu pamwamba pa msipu uja. Koma utoto wamadziwu sukwirira unzake, wapansi umaonekerabe. Makoma anatuluka obiriwira ngati omera ndere, denga linakaniratu. Pofuna kubisa, anangokasandutsa bwinja, n'kundiika ine pakhomo ndi ndevu zofika pamchombo.

Adona ataona anaomba m'manja. "Bwinja! Anzanga onse ali ndi mabwinja m'minda mwawo, ena anachita kumangitsa. Langali lidzakhala ndi munthu wake yemwe!"

Tsono lamulo latuluka. Nyumba sigwetsedwa, koma aisasula denga kuti ifanane ndi chithunzi. Ine ndizikhalamo ngati munthu wopemphera wa kuchipululu: osameta, osawenga zikhadabo, osayankhula ndi alendo. Ine, achemwali, amene ngakhale m'tchalitchi abusa amandiponyera diso chifukwa cha kulongolola!

Anthu odzasasula denga akubwera Lolemba. Pamapiri payamba kale kuyera ndi chipale chofewa, ndipo chifuwa chija chabwereranso. Ndikakana, andithamangitsa. Ndikavomera, mukadzabwera mudzandipeza nditauma gwa pakhomo, alendo akuyamikira kuti nkhalambayi imadziwa kukhala chete.

Dzulo adona anabwera kudzaona malowo. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mayi, ngati mumakonda nyumba zopanda denga, yambani ndi yanu!" Anafiira ngati tambala.

Pempho langa ndi ili. Muwafunse alamu anga a Meredydd ngati kuseri kwa sitolo yawo ku Chester kungapezeke kangodya kofikako kutentha kwa moto. Ndimadya pang'ono masiku ano. Nthabwala zonena mphuno yawo ndasiya, muwauze choncho. Muyankhe msanga, chonde, ngolo yamakalata isanayambe kutitimira m'matope.

Moni kwa ana onse. Kamtengo kamene munabzala pamanda a amayi kakula, koma sindikudziwa amene azikalimirira.

Ndine mlongo wanu,
Gruffudd

Ndisanamate kalatayi: za kuwayankha adona zija ndapeka. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi."