Maginito a pa Filiji

Rosthern, Saskatchewan
16 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Luella,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halifax, pamodzi ndi mawondo anu osamva mankhwala aja. Kuno tirigu wacha, ndipo mwana wanga Curtis akuswera m'munda ndi makina okololera. Ine bambo wake chaka chino ndikungoonerera pakhonde ngati mlendo. Akamadutsa ndimamukuwira kuti mzere wakhota, iye amangokweza chipewa, osamva kanthu.

Mukukumbukira mmene ndinalili zaka zisanu zapitazo? Mtima unkangothamanga popanda wouthamangitsa, ndiye kamakina kamene anandiika m'chifuwa kankandimenya shoko kuti ubwerere m'malo. Ine ng'ombe inandimenyapo theche, achemwali, koma sizifanana. Mankhwala analephera, kuwotcha mtima ndi timawaya kunalepheranso. Mdzukulu wanga Tessa atabadwa ndinakana kumunyamula, kuopa kumugwetsa. Kenaka madokotala a mumzinda anati tiyese cheza chimene amawotchera khansa, achilunjikitse pachipsera cha mtimawo. Inu ndi unamwino wanu munati pafoni, "Wendell, amenewo akuyesera pa iwe." Simunaname, iwonso sanabise. Koma ndinangogona kanthawi kochepa osamva ululu, madzulo ake n'kudya soseji kunyumba.

Chichokereni tsikulo kamakina kaja kanangoti zii. Ndakolola zaka zinayi ndi manja angawa. Tessa ndamunyamula paphewa mpaka wayamba kulemera. Zimenezi palibe angandilande, ndipo atandifunsanso lero ndingavomere.

Tsono mwezi wathawu ndinayamba kubanika, mapazi kutupa, nsapato osalowa. Atandiunika anapeza madzi kuzungulira mtima, ndipo kachitseko kena ka mkati mwake sikakutsekeka bwino. Ndinafunsa dokotala kuti kodi ndi cheza chija. Iye anati, "Mwina, bambo, mwinanso ndi matenda akale omwe aja. Amene analandira chithandizochi ndi ochepa, ndiye tikuphunzira pa inu nomwe." Ine ndinati, "Ndiye muzindiimirira ndikamalowa, ndine mphunzitsi wanu." Dokotala anaseka, koma alamu anu a Verna sanaseke.

Nkhani yake mukuidziwa kuposa ine. Mtima ukamafooka, kuthamanga kuja kukhoza kubwerera, ndipo pamapeto kamakinako kadzazingondimenya popanda chopindula. Dokotala anati akhoza kukazimitsiratu, koma ndinakana, chifukwa ndikufunabe kuona tiriguyu ali m'nkhokwe. Ndiye anatipatsa maginito obulungira, oboola pakati ngati donasi. Nthawi ija ikadzakwana, wina awaike pachifuwa panga, kamakina kasiye kumenya, ndipite mwakachetechete.

Mukudziwa kwathu kuno, chilichonse cha maginito chimathera pachitseko cha filiji. Titangofika, Verna anawaphatika pomwepo, pakati pa zojambula za Tessa ndi kalendala ya kutchalitchi. Pano ndikangoyandikira amakuwa, "Abambo inu, talikirani, muzimitsa zinthu!" Ndamuuza kuti maginito sagwira ntchito patali choncho, koma ayi ndithu. Ndikukayika kuti wangopezerapo njira yotetezera payi wake, chitumbuwa chija amasunga m'filijimo.

Dzulo tikumwa khofi anakhala akuyang'ana filijiyo, kenaka anati, "Ndakuphikirani, ndakusambitsani mukudwala, ndipo ndidzakhala pambali panu mpaka mapeto. Koma icho, dzanja langa silingathe. Ndidzatsala ndikuti ndine ndinachita." Sindinamutsutse, ndikumumvetsa. Curtis naye nditangoyamba nkhaniyi anakumbukira kuti makina akufunika mafuta, n'kutuluka. Ndekha sindingadalire manja anga shoko ikamandigwedeza.

Ndikuopa, achemwali. Imfa ayi, imeneyo tinazolowerana. Ndikuopa kumenyedwa kuja, Verna akuonerera, maginito ali potero. Dzanja limene latsala ndi lanu.

Tsiku Lothokoza, chikondwerero chathu cha zokolola chija, layandikira. Chaka chilichonse mumati mubwera chaka chamawa, ndipo ine ndimavomera. Ulendo uno musandiyankhe choncho. Chipinda cha amayi tachikonza, masitepe ake ndi ochepa, mawondo anu asapeze chonamizira. Tikiti mugule yobwera yokha, za kubwerera mudzaona muli konkuno.

Verna akupereka moni, akuti mubweretse juzi yochindikala chifukwa m'mawa kwayamba kuzizira. Sakudziwa kuti ndakulemberani zimenezi, koma akadzakuonani pakhomo adzadziwa, ndipo ndikhulupirira adzagona tulo. Curtis akuti adzakutengani kubwalo la ndege. Tessa akufunsa ngati agogo a ku Halifax amalumadi, ndamuuza kuti amaluma madokotala okha.

Mukadzalowa m'khitchini simudzavutika kufunsa. Maginito aja akugwira chithunzi chathu chija, inu mutandigwira dzanja tsiku langa loyamba kupita kusukulu. Ndinachiika ndine, Verna ali kutchalitchi.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Wendell