Usatumize Bwato

Mwana wanga Barnaba,

Uli bwanji ku Likomako? Kuno ku Kobwe tili bwino, mawondo okha ndiwo akundivuta.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi anatiwerengera nyuzipepala yochokera kwanuko. Akuti bwanamkubwa wa tsidyalo amagwira chanza ngakhale asodzi, ndipo walonjeza kuchepetsa msonkho. Anthu anaomba m'manja. Ena ayamba kale kupakira katundu m'mabwato, kuthawa chikoti cha kuno.

Ine ndinaimirira. "Aphunzitsi, mwapezamo dzina la Yohane wanga, amene boma la bwanamkubwa yemweyo linamutenga kukasenza katundu kunkhondo?" Anangopinda pepalalo.

Choncho usatumize bwato lodzanditenga. Ndidzaoloka tsiku limene boma la kwanuko lidzandionetse manda a mkulu wako.

Unditumizire mbedza zokha. Ambuye akusunge.

Ndine bambo wako,
Mikaeli