Besi ya Nsambo Zisanu

Amayi anga, kodi kumeneko kukucha bwanji?

Ife kuno ku Chilobwe tilipo, kungoti mawondo anga ayamba kulira ngati chitseko cha kubafa ndikamakwera chitunda cha kumsika. Dzinja ladutsa kawiri chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana. Mdzukulu wanu Esitere, mwana wanga woyamba uja, akugwirabe ntchito ya muofesi m'tauni, ndipo mwana wake wamkazi wabereka mwezi wathawu. Khandalo talipatsa dzina lanu, Elina. Likafuna kulira limayamba lakwinya pamphumi, ndendende mmene munkachitira inu wina akachulutsa mchere m'ndiwo. Kumunda kwathu ku Mpemba chimanga chakanika, feteleza tinathira mochedwa, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Mpongozi wanu Nangondo akupereka moni. Dzino lija munkamuuza kuti akazulitse sanazulitsebe, akungotafunira mbali imodzi ngati mbuzi.

Koma si izi zandikhazika pansi ndi cholembera, chinthu chimene mukudziwa kuti ine ndi icho sitimvana. Ndi nkhani ya besi. Ndakwiya, Amayi, ndipo wina womuuza ndilibe, chifukwa aliyense ndikamuyamba nkhaniyi amaseka ndisanafike pakati.

Mukuikumbukira besi yanga yakuda ija, gitala ya mawu akuluakulu, imene munkaitcha mkazi wamkulu chifukwa ndinkaipukuta tsiku ndi tsiku pamene Nangondo sindinkamugulira ngakhale mafuta odzola? Yatha. Khosi lake lapindika ngati uta. Pa ukwati wina ku Chinyonga, pakati pa perekani-perekani, anthu akuvina ndi kuponya ndalama, inangoyamba kulira ngati njuchi zalowa m'chitini. Ndinaimenya, ndinaipempha, ndinaikumbutsa kumene tachokera, ayi ndithu.

Mawa lake a Makwinja, mtsogoleri wa bandi yathu, anafika kunyumba. Munthu ameneyu ndaimba naye kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Anakhala pakhonde, nakana tiyi, ndiye ndinadziwiratu kuti zilipo. Akuti, "A Layisoni, tisabisane. Nyimbo za masiku ano zimatsika pansi kwambiri, kumene nsambo zinayi sizifikako, ndipo eni maukwati akufuna zimenezo. Mukamagula besi ina, mugule ya nsambo zisanu. Apo ayi, Gifiti wa kiyibodi azitiimbira besi ndi dzanja lamanzere, inu mupumeko."

Kupuma! Ine amene ndinayamba ndi babatoni ya chikopa cha mbuzi ndi waya wa m'tayala, inu mukundithamangitsa ndi mthiko kuti ndikatunge madzi, lero dzanja lamanzere lindilowe m'malo? Bola akanati munthu wathunthu, Amayi, koma dzanja limodzi! Anandipatsa mpaka Lachinayi la sabata yachiwiri, tsiku loyeserera nyimbo za ukwati wa ku Limbe. Ndikalephera tsiku limenelo, kwanga kwatha.

Esitere atamva anati, "Adadi, musadwale nazo. Tiyeni ku Limbe, ndikugulirani ine." Loweruka m'mawa tinakwera minibasi, ine nditavala jekete ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Tinalowa m'sitolo ya bambo wina wachimwenye, waimvi ngati ine ndemwe, amene amagulitsa mawailesi ndi masipika kutsogolo, magitala kumbuyo. Anatsitsa besi ziwiri. Ina yofiira, ya nsambo zinayi. Si zotchipa zija zimapindika mvula ikangogwa ayi, koma yapakati, ya munthu wogwira ntchito. Inayo ya mtundu wa uchi, thabwa lake likuoneka mitsempha, nsambo zisanu, timabatani totembenuza tambirimbiri, ndi kachitseko kumsana kobisamo batire. Gitala yodya batire ngati tochi! Atatchula mtengo wake ndinayang'ana pokhala.

Mwini sitolo anafuna kuilumikiza ku chimkuzamawu. Ndinati dikirani kaye. Inu ndi amene munandiphunzitsa, pogula mbiya kumsika. Munkaigogoda ndi chala n'kutchera khutu, mukuti, "Mbiya yong'aluka imaoneka bwino kuposa inzake, koma ikalankhula imadziulula." Ndiye ine besi ndimaiyesa isanalawe magetsi. Ndimagunditsa chibwano pathabwa, n'kukhudza nsambo imodzi, n'kumvera m'mano ndi m'mutu kuti mawuwo akhala nthawi yotalika bwanji asanafe. Ndinatero pakati pa sitolo ya eni ake. Esitere anaphimba nkhope ndi chikwama. "Adadi, anthu akuona! Mukuinunkhiza ngati usipa?" Ndinati iwe khala chete, agogo ako akanakhala pano bwenzi ataigogoda kale.

Yofiira inayankha bwino, mawu aulemu, nafa pa nthawi yake. Kenako ndinagwira yodulayo, ndikupemphera mumtima kuti ikhale yabodza, kuti ndimuuze Esitere kuti waona, n'kuwala chabe uku. Amayi, sinali yabodza. Mawu analowa m'chibwano, natsika kukhosi, nakakhala m'chifuwa osafuna kuchoka. Apa ndiye pamene ndinakwiyira zenizeni. Chinthu chodula chikakhala chabwinodi, wosauka amasowa pothawira.

Tsono analumikiza, ndipo imvani manyazi a mwana wanu. Ine zilembo zija amatchula a kwaya sindizidziwa. Zala zanga zimawerenga kuyambira pa nsambo yapamwamba, yonenepa ija: iyi yoyamba, iyi yachiwiri, mpaka yachinayi, ndipo ndimaimba maso ali otseka. Pa besi yodulayi, nsambo yowonjezerayo anaiika pamwamba penipenipo, pamalo pa yoyamba. Mwini sitolo anatsegula nyimbo ya ukwati pa wailesi kuti ndiitsate, nyimbo imene ndaiimba mpaka ena mwa akwati ake anasudzulana. Zala zinapita kumene zimapita masiku onse, koma khomo lililonse zinagogoda zinapeza mwalowa alendo. Wailesi ikupita ku Zomba, ine ndikutsetsereka wa ku Chikwawa. Pakhomo panali patasonkhana anthu, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi anafuula, "Madala, bwezani katundu wa eni, mukumupweteka!" Anthu kuseka, mpaka woitanira minibasi anasiya ntchito yake kudzaonerera.

Ndinaitula, n'kutenga yofiira ija, n'kuimba nyimbo yomweyo. Mayi yemwe uja anaika lichero pansi n'kuyamba kuthyola chiuno.

"Mwaona?" ndinatero. "Tatenga iyi."

Esitere anati, "Taona chiyani? A Makwinja anati zisanu. Mugule yofiirayo kuti muziimbira nkhuku kuseri kwa nyumba?"

Ndinayang'ana mwini sitolo kuti andithandize, poti ndi mkulu mnzanga. Iye anangoti, "Achimwene, zonse ndi zabwino. Yofiirayi ikukondani lero lomwe. Yodulayi iyamba yakuzunzani." Thandizo lotani limenelo? Tinatuluka chimanjamanja.

Lolemba ndinabwerera ndekha ndi nzeru zanga. Ndinati ndimasule nsambo yonenepa ya yofiira ija pang'onopang'ono, mpaka itsike kumene a Makwinja akufuna, nkhani ithe. Inatsikadi, koma inalendewera ngati chingwe choyanikira zovala, mawu ake ngati ng'ombe ya chimfine. Mwini sitolo anangoyang'ana kudenga, kundisungira ulemu. Paja munkati, "Chitenje chachifupi usachikoke, ukaphimba mawondo msana uli pamtunda." Ndinakhala pa sipika, ziwiri zonse zili patsogolo panga. Iyi ikundidziwa, koma indichotsetsa ntchito. Iyo indisungira malo, koma yandivula pamaso pa Limbe yense. Ndinakhala pamenepo mpaka mwini sitolo anandibweretsera madzi akumwa. Pomaliza ndinamuimbira foni Esitere, ndinati, "Bwera udzawombole chinyama chakochi cha nsambo zisanu."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panalibe mtendere. Ndinayesa kuimba maso ali otsegula, ndikuyang'ana zala ngati mwana wophunzira kusoka, khosi linauma. Ndinayesa kuwerenga mokweza, zala sizinamve. Ndinaganiza zoichotsa nsambo yowonjezerayo n'kukaitaya m'ngalande, Nangondo anati ndikangoyerekeza akanena kwa Esitere. Oyandikana nafe anatuma mawu ofunsa ngati tayamba kuweta achule. Masiku akutha, Lachinayi likusendera, ine munthu wa zidzukulutudzi ndikulephera nyimbo zimene ndinkaimba ndikucheza ndi woimba ng'oma.

Lachitatu masana, latsala tsiku limodzi, ndinatopa. Ndinangosanjika chala chachikulu pa nsambo yatsopanoyo kuti dzanja lipume. Zala zinazo zinagwera pa nsambo yotsatira, n'kuizindikira: iyi si yoyamba yathu ija? Nsambo zanga zonse zinayi zinali pomwepo, m'malo mwake, ngati ana obisala kumbuyo kwa mlendo. Ndinaimba nyimbo zitatu osaphonya. Nangondo anatuluka m'khitchini ali ndi mpeni m'manja kudzaona ngati kwabwera munthu wina.

Ndiye taganizani, Amayi. Mwana wanga wadzimana kuti agulire chala changa chachikulu mpando! Pa nyimbo zatsopano zija chalacho chimangonyamuka kawiri kapena katatu, ndikhudze pansipo, mawindo anjenjemere, kenako chibwerere pampando wake. Manyazi onse aja, ulendo wa ku Limbe kawiri, mayi wa nthochi, achule, zonsezo chifukwa cha mawu atatu! Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale a Makwinja odziwa zilembowo, anandiuza kuti madala, khazikani chala apa.

Dzulo ndiye linali Lachinayi lija. Tinakumana m'galaja ya a Makwinja. Gifiti anali atakonzeka kale, dzanja lamanzere lili pamwamba pa kiyibodi ngati kabawi woona anapiye. Ndi munthu waulemu, anandipatsa moni ndi manja awiri, koma dzanjalo ndinaliona. A Makwinja sanandichitire chifundo, anayambira pa nyimbo yatsopano yovuta kuposa zonse. Ndinatseka maso. Potsika poyamba ndinachedwa, ndipo ndinamva nsapato zawo zikutembenukira kwa ine. Pachiwiri ndinagwa pomwepo, zitini za penti pashelefu zinalira. Pachitatu ndinasuzumira ndi diso limodzi, n'kuona Gifiti wachotsa dzanja lija akukanda nalo m'mutu.

Titamaliza a Makwinja sanayamike. Pakamwa pawo mawu abwino amatuluka movuta ngati mwana wobadwa chamiyendo. Anapinda waya wawo, naika m'chikwama, kenako ali chofulatira anati, "A Layisoni, Loweruka eyiti koloko. Malaya oyera, osati a maluwa aja."

Ndiye ndikadali m'bandi, Amayi. Besiyo sindinaikhululukire. Ndi yolemera, yandipweteka phewa, ndipo akuti batire lake likhoza kufa pakati pa nyimbo, moti ndiziyenda ndi lina m'thumba ngati mankhwala a shuga. Koma mawa iimba pa ukwati, ndipo woiimba ndi ine, ndi manja onse awiri.

Chatsala n'chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti mukanandikoka nacho khutu. Esitere sindinamuthokozebe. Masiku onsewa akaimba foni ndimangomudandaulira za phewa. Ndikukulonjezani kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndipita kwake ndi tambala m'khwapa, ndikamuuze zikomo ndi pakamwa pangapa, aseke asaseke. Mvula ikadzatha ndidzabwera ndi khasu kudzalambula pamene mwagonapo.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Layisoni