Ndafika, koma ndabwera ndi chimfine

Amake mwana,

Ndafika cha m'ma teni, ndapeza mwapita kusikelo ndi kabwana kathu. Musandidikire. Chimfine chandigwira panjira, thupi lonse moto, ndikutsokomola ngati lole yanga ikamakana kulira m'mawa. Adokotala akuntchito akuti mwana wa miyezi iwiri ndisamuyandikire mpaka nditachira, ndiye ndikakhala kwa achimwene masiku anayi kapena asanu.

Pepani. Masabata atatu onsewa pamsewu ndimangoganiza za inu awiri, koma lero ndangoima pakhomo la kuchipinda ngati mlendo. Kachipewa kake kali pabedi paja ndangokayang'ana, manja kumbuyo.

Mazenera ndatsekula kuti mphepo idutse, mutseke kukayamba kuzizira. Kapu yomwe ndamwera madzi ndatsuka ndi sopo. Malalanje ali patebulowo ndi anu, osati a alendo. Mwana akangotentha thupi kapena kubanika, thamangirani kuchipatala, ine mundiimbire muli panjira. Kapepalaka mukawerenga mutaye, musambe m'manja.

Mawa masana ndidzaima kumsewu. Mudzamunyamule pazenera ndidzamuoneko. Paja pafoni munati wayamba kumwetulira? Mumuuze asamalize konse, andisungireko pang'ono.

Ndine,
Bambo ake