Ulendo Uno Makiyi Asunge Wina

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda? Ine kuno chifuwa chinasiya, koma mtima ndiye sunakhale pansi.

Mwana wanga namwino uja, amene inu azakhali ake mumati mwana wanu, ndi mwamuna wake apatsidwa tchuthi mwezi wamawa. Akupita kuzilumba za pakati pa nyanja yamchere, ndipo mwanayo anandiuza yekha, akusita yunifolomu, kuti nanenso ndili pa ulendo. Sukulu ndinaisiyira panjira, mukudziwa, koma ndinati sindikafika kwa eni ake ngati thumba la katundu. Ndinamupempha mapu, anandibweretsera, ndipo ndinawamata pakhoma pafupi ndi bedi langa.

Achemwali, si chilumba chimodzi ayi. Zamwazika ngati mikanda yoduka ulusi. Chachikulucho ndiye chili ndi bwalo la ndege, kwinako umapita pa boti. Pa foni ndaona madzi oyera moti nsomba ungaziloze chala zili pansi. Akuti madziwo amathawa gombe n'kubwereranso okha, ndiye munthu usasiye malaya pafupi. Akutinso pansi pake pali miyala yocheka mapazi ngati lezala. Ndinapita kumsika kukagula nsapato za mphira ndi chipewa chachikulu. Wogulitsayo anafunsa ngati agogo ayamba usodzi. Nditamuuza kuti ndikukapuma, anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati nanga kumene mukupuma tsiku lililonseku kwakutopetsani?

Ndiye Lamlungu lapitali mtsikana wantchito anatsanzika kuti akukakwatiwa. Tikudya, mkamwini anayamba kuyankhula akuyang'ana m'mbale. Anati nyumba singakhale yokha, galu afunika kudya, maluwa afunika madzi, komanso boti limachititsa chizungulire anthu akuluakulu. Sananditchule. Anangotenga makiyi a geti n'kuwaika pafupi ndi kapu yanga. Mwana wanu anati abambo tikambirana bwino, kenaka anadzuka kukatsuka mbale chakudya asanamalize.

Mkamwiniyo si woipa, mankhwala anga amagula osanyinyirika. Koma makiyi amenewo ndimadziwa kulemera kwake. Unyamata wanga wonse unathera m'nyumba za mabwana. Iwo akalongedza masutikesi, ine ndinkatsegula geti, kuwatsanzika, n'kutsekanso. Akabwerako atapsa ndi dzuwa ankandipatsa chigoba cha nkhono kuti ndimvere nyanja pakhutu. Si inu amene munayamba kunditcha Makiyi? Ndinkaseka nawo, koma zinkandiluma. Tsono pakhomo pa mwana wanga yemwe ndikhalenso mlonda?

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzasunge nyumba ino masiku amenewo. Ndinafunsa mkamwini ngati zingatheke azakhali atabwera. Anakanda mutu, nati azakhali akavomera iye alibe mawu. Matikiti akudula posachedwapa, ndiye mukangowerenga kalatayi muimbire namwinoyo foni.

Ndikudziwa mumaopa agalu. Uyu ndi nkhalamba ngati ife, mano anatha, amauwa chogona. Nkhuku zanu alamu angathe kuziyang'anira, bola asazidye zonse. Kuno mudzagona pa matiresi ofewa, ndipo bondo lanu mwana wanu adzalipima asananyamuke.

Mapu sindinawamatule. Nsapato zija ndimaziyesa m'bafa anthu akapita kuntchito, ndipo siziterera. Mukakana sindikwiya. Ndidzangowatumizira alamu nsapatozo kuti azilimira kudimba, koma za nyanja musadzandifunse.

Moni kwa alamu, kwa achimwene aang'ono ndi banja lawo, ndi kwa adzukulu onse. Muwauze kuti agogo akadzabweretsa chigoba, chidzakhala chotola okha.

Makiyi aja ndawapachika pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Msomaliwo ndaukhomera m'munsi, poti inu mungafikire osanyanyamphira.

Ndine mlongo wanu,
Makiyi